Nsatsi ndi Kachasu m'Mabuleki a Bwana

Lachinayi, 5 Malichi 1959

Mvula chiyambire m'mawa. Lero tsiku lachitatu geti lili chitsekere. Boma lalengeza kuti dziko lili pa ngozi, anthu a Kongeresi akutoledwa m'midzi. Bwana Bakisita awapatsa upolisi wogwirizira: kansalu pamkono, mfuti paphewa ngakhale popita kuchimbudzi. Chigayo chawo cha mpunga chaima. Antchito onse awabweza kwawo. Mumpanda tatsala anayi: bwana, dona, a Sailesi ophika, ndi ine makaniko.

Ine ndatsalira kagalimoto kofiira. Mipando iwiri, denga lansalu, mimba yotsala pang'ono kukhudza pansi. Kwawoko nkothamangitsa pa mpikisano. Kanabwera pa sitima chaka chatha. Kuno ku Kotakota kalibe msewu wake, koma bwana amakapukuta okha ndi mpango wa m'thumba. Inenso ndisaname, ndimakakonda. Injini yake ikalira bwino, m'chifuwa mumachita kutakasuka.

Lole ya mpunga inapita ku Lilongwe sabata yatha, sinabwerere. Ndiye zinthu zikavuta, kothawira ndi komweka.

Laisensi yanga ndi buku langa la usilikali atenga, atsekera m'kabati. "Kuti zisatayike, Alufandika." Zaka khumi ndi zitatu ndakhala ndikusunga ndekha bukulo. Silinatayikepo.

Kogona, m'galaja. Kwathu ndi kuseri kwa mzikiti, utsi wa pamoto pa mkazi wanga Sofiya ndikuuona ndili pano. Kabuku aka nkolembamo mamailosi ndi oyilo. Masamba ambiri alibe kanthu.

Loweruka, 7 Malichi

Kagalimoto kadwala pawiri.

Injini: kulira, kutsokomola, kuzima. Ndamasula kabuleta. M'timabowo ta petulo muli zoyera zouma, fungo la m'kabati ya zovala za dona. Timibulu tija tothamangitsa njenjete. A Sailesi akuti anawaona bwana Lamulungu akuponya chikhatho chathunthu m'thanki, ine ndili kunyumba. Mzungu mnzawo anawauza kuti petulo wa m'migolo ndi wofooka, timibuluto timamupatsa mphamvu.

Mabuleki: ukaponda sabwerera, mawilo akutsogolo kuuma gwa. Ndatsegula kachitini ka mafuta a buleki, ndanunkhiza. Oyilo wa injini. Tsiku lomwelo, dzanja lomwelo. Anaona kuti mafuta achepa, anangothira amene anali pafupi.

Ndawaonetsa bwana zoyerazo pansonga ya mpeni. Nkhope psuu. "Shuga uyu. Wathira shuga." Ndati alawe. Sanalawe. Ati akangotchula dzina langa kuboma, mawa ndili pa lole ya omangidwa, ndipo opita kummwera tsiku lobwerera silidziwika.

Dona anaima pakhomo, anamva zonse. Timibuluto ndi tawo, fungo lake akulidziwa. Anatembenuka n'kulowa.

Lamulungu, 8 Malichi

Petulo yense ndakhuthula, thanki ndatsuka. Watsopano wa mumgolo ndasefa ndi chipewa chakale chaubweya, madzi otsalira theka la kapu. Injini yalira. Petulo akakhala wofooka, mankhwala ake ndi kuchedwetsa moto wa mapulagi pang'ono, basi. Ndatero. Kugogoda kwatha.

M'giyabokosi ndathira oyilo wa injini, ndi amene buku lake likunena. Ku ekiselo yakumbuyo wa nambala 90 anatha. Alipo wa lole yekha, wa 140, wolemera ngati uchi. Ndathira womwewo. M'mawa kazidzuka mwaulesi, koma sikafa nazo.

Chovuta mabuleki. Timphira tonse tam'kati tatupa ngati zitumbuwa, tofewa, tong'ambika ndi chikhadabo. Oyilo amadya mphira wamtundu umenewu. Tatsopano tilipo m'kabokosi kamene kanabwera ndi galimoto. Gulu limodzi lokha. Ndikathira mafuta olakwika tatha, ndipo ine ndathera pomwepo.

Chitini cha mafuta enieni a buleki, chouma. Masitolo a Amwenye otseka, ndipo sanagulitsepo zoterezi. Mawaya a lamya anadulidwa. Sitima yapanyanja mwina sabata yamawa, mwina ayi.

Lolemba, 9 Malichi

Ibrahimu, mng'ono wanga, wabwera pampanda masana. Wapansi kuchokera kwa amayi ku Bua, matope mpaka m'mawondo. Amayi miyendo yatupa, phala likubwerera. Akuti dzulo anamufunsa kawiri, "Mkulu wako wafika?"

Kuyankhulana kudzera m'waya. Zala zokha ndi zimene zinakwana kudutsa.

Ndapempha masiku awiri. Bwana osandiyang'ana, maso pa mfuti imene amapukuta. "Mabuleki akagwira, upita." Ndinabwereza mawuwo mokweza kuti a Sailesi amve. Iwo anabwerezanso okha. Chabwino. Mboni ilipo.

Ku Bua ndi ulendo wa theka la tsiku. Ku Burma ndinapita, ndinabwerako. Lero theka la tsiku landikanika.

Lachiwiri, 10 Malichi

Zitini zinayi za nyama pathabwa. Ndinali ndi kamphira kakale kamene ndinachotsa chaka chatha, oyilo sanakakhudze. Ndakadula tizidutswa tofanana, kukula kwake ndajambula papepala.

Choyamba, oyilo wa makina osokera a dona. Chachiwiri, mafuta a mtedza a kukhitchini. Chachitatu, madzi a sopo, madalaivala ena amatero akasowa pogwira. Ndaponyamonso msomali. Chachinayi palafini, bwana ndi amene aumirira. Ndikudziwa kale, koma aone ndi maso awo.

Kudikira. Ntchito ina palibe. Masipanala onse ndapukuta kawiri. Mvula pamalata mpaka mutu kuwawa.

Lachitatu, 11 Malichi. Ramazani tsiku loyamba

Mwezi unaoneka dzulo dzuwa litangolowa, mitambo itang'ambika pang'ono. Kumzikiti ng'oma, nthungululu, ana kufuula. Bwana anatuluka opanda nsapato, mfuti m'manja, ati abwera, abwera, liza galimoto. Galimoto yopanda mabuleki, mawilo awiri ali pa njerwa. Anaombera kumwamba kawiri. Kumudzi kunangoti zii.

Ndinawauza kuti ndi mwezi chabe, anthu akulandira swaumu, mwezi womanga osadya masana. Zaka zisanu ndi zitatu ali kuno, chaka chilichonse ng'oma yomweyo. Anandiyang'ana ngati ndikuwanamiza. Munthu wamantha atagwira mfuti, ndinawaona ambiri ku nkhondo. Samva.

Kumanga ndekha m'galaja. Swala, mapemphero anga, pakati pa mgolo wa petulo ndi matayala. Chaka chatha mwezi ngati uno amayi anatitumizira mpunga watsopano ndi usipa wouma.

Lachinayi, 12 Malichi

Zitini. Ka m'palafini katupa kawiri kukula kwake, bwana aona okha. Ka m'oyilo wa makina chimodzimodzi. Ka m'mafuta a mtedza kafewa. Madzi a sopo mphira sanaudye, koma msomali wachita dzimbiri, ndipo madzi akatentha amawira, buleki n'kutha uli pamtsetse. Zonse zinayi, ayi.

Chatsala chimodzi. Ku Burma sajeni wathu wa ku India, wandevu zambiri, zitini zikatha ankasakaniza mafuta a nsatsi ndi sipiriti, theka ndi theka. Malole ankatsika nawo mapiri. Nsatsi sizidya mphira. Sipiriti ndi wopepukitsa mafutawo kuti aziyenda m'mapaipi.

Nsatsi zili kuseri kwa nyumba iliyonse. Sipiriti ndiye palibe, wa nyale anatha. Ndayesa jini wa bwana: madzi ambiri, mafuta akungoyandama pamwamba. Pakufunika kachasu, wa mutu, woyamba kudontha. Bwana anaseka. "Kagule." Koma geti osatsegula. A Sailesi ndi Mkhristu, akanatha kupita popanda wowanena, koma nawonso saloledwa kutuluka.

Watsala Sofiya.

Lachisanu, 13 Malichi

Juma yachiwiri osaponda mumzikiti.

Ndamuuza Sofiya za kachasu ndi nsatsi pamene amabweretsa futari, chakudya chomasulira madzulo, pampanda. Anaika mbale pansi. Mwana wa mwalimu wa kumzikiti, chibadwire sanakhudzepo botolo la mowa. "Bambo a Laila, mwezi uno? Ndi nkhope yanga ino?" Ndati ndi za amayi. Ndati si womwa. Ndanena zambiri, zina sindikuzikumbuka.

Mabotolo awiri opanda kanthu ndinadutsitsa pansi pa waya. Anawakulunga m'chitenje osawayang'ana. Futari ndinadya. Sindikudziwa kuti inali chiyani.

Lolemba, 16 Malichi

Zinabwera Loweruka. Nsatsi anakazinga, anasinja, anawiritsa yekha, mafuta botolo limodzi, oyera bwino. Kachasu anakagula kwa mayi Esitere kuseri kwa mishoni, dzuwa lili paliwombo, chifukwa kukada salola kuyenda. Anthu onse anaona.

Dzulo anabwera atafunda mpaka m'maso. Pachitsime akazi anzake anasuntha mitsuko yawo. Bambo ake atumiza mawu: ngati mkamwini wayamba kumwa m'Ramazani, mwana wawo abwerere pakhomo. Ndipo a Kongeresi otsala akuti ndikukonzera mzungu galimoto yosakira anthu. Chinangwa chathu azula mizere itatu, angochisiya pomwepo.

Mkati muno ndine wa Kongeresi wothira shuga. Kunjaku ndine kapolo wa mzungu, chidakwa. Munthu mmodzi yemweyo.

Kachasuyo mphamvu inachepa. Pa supuni anayaka, anasiya madzi. Ndamutcheza kachiwiri: ketulo ya a Sailesi, paipi yamkuwa ya kuchigayo, ndowa ya madzi ozizira. Tsiku lonse m'nthunzi yake, m'mimba mulibe kanthu, mutu kuzungulira. Kaya fungo limamasula swaumu, sindikudziwa, wofunsa palibe. A Sailesi anaima pakhomo akupukusa mutu. "Msilamu wotcheza kachasu m'ketulo ya tiyi. Izi ndiye ndaziona ndisanafe." Tinaseka. Kenako ndinapita kuseri kwa galaja, sindinkafuna andione.

Wachiwiriyu wayaka yense, supuni youma. Theka ndi theka. Zasakanikirana bwino, mtundu wa tiyi wopanda mkaka. Kachidutswa komaliza ka mphira ndaponyamo. Bisimila.

Lachiwiri, 17 Malichi

Ndayeza m'mawa, ndayeza masana. Sikanasinthe. Koma tsiku limodzi si umboni.

Kuchokera ku Bua palibe mawu. Kaya ndi bwino, kaya Ibrahimu akulephera kuchoka pamphasa.

A Sailesi andiuza kuti kwawo ku Liwaladzi anapitako komaliza zaka zinayi zapitazo. Mchemwali wawo anamwalira iwo akuphika chakudya cha Khirisimasi, anamva mu Januwale. Ananena akusenda mbatata, osakweza mutu. Sindikufuna kudzafika pomanena zotere ndikusenda mbatata.

Sitima yalira padoko madzulo ano.

Lachitatu, 18 Malichi

Sitima inadzaza asilikali. Chitini cha mafuta a buleki mulibe. Dona akwera, masutikesi asanu ndi galu. Potsazika anandipatsa jekete lakale la bwana. Likununkha timibulu tija.

Kamphira, masiku awiri, kukula komwe kuja. Kolimba. Ndayeza katatu papepala.

Mapaipi onse ndatsuka ndi kachasu wotsala mpaka wotuluka wayera. Malaya onse anyowa naye. Timphira tatsopano ndaika. A Sailesi pampando kuponda, ine pansi kutulutsa mpweya, wilo ndi wilo. Pondani, gwirani, siyani. Pondani, gwirani, siyani. Mpaka nthawi ya futari.

Chopondera chalimba.

Lachinayi, 19 Malichi

Agwira. Bwana anazungulira chigayo kasanu, kuthamanga, kuponda, matope kuuluka, kagalimoto nji. Anatuluka akuseka, anandimenya paphewa, ati ndine mfiti. Za shuga sanatchulenso, ngati sizinanenedwepo.

Ndati ndiye ndinyamuke, mundipatse mabuku anga.

Ati mawa tikupita ku Salima, akakwere sitima yapamtunda. Mpando wa dona ndi wanga. Mankhwala angawa akadontha panjira, awadziwa ndani? Mabuku ndikalandirira konko. Ndinawakumbutsa mawu a Lolemba lija. "Upita, inde. Ukabwerako ku Salima." A Sailesi anayang'ana pansi.

Salima kummwera. Bua kumpoto.

Ibrahimu anabwera masana. Amayi asiya kuyankhula, madzi akuwadonthezera ndi kansalu. Sanandinene, sanakwiye. Anangofunsa kuti sanda, nsalu yokulungira maliro, tiipeza kuti masitolo ali otseka.

Ndakhala nthawi yaitali ndikuyang'ana kachitini ka buleki. Supuni imodzi ya oyilo lero, mawa potsetsereka powolokera pa Chia sikaima. Wodziwa ndine ndekha. Kulumpha m'galimoto yoyenda tinaphunzira ku nkhondo. Supuniyo ndinaigwira, oyilo ndinatunga. Kenako m'maganizo Sofiya, mabotolo m'chitenje, dzuwa lili paliwombo. Ntchito imene iye anataya nayo nkhope, ndiiononge ndi dzanja langa? Oyilo ndabwezera mumgolo. Si chifukwa cha bwana.

Lachisanu, 20 Malichi, pa Chia

Ndikulemba pansi pa mtengo wa mango.

Tinanyamuka kutacha. Kutitimira katatu, katatu ine kukankha, bwana pachiwongolero kutukwana. Pa Chia madzi odzaza, pantoni yowolotsera galimoto yokoka ndi chingwe, amuna asanu ndi mmodzi. Potsikira poterera ngati therere. Kagalimoto kanatsika, kanakwera matabwa, kanaima pamene kanayenera kuima. Mtima unakondwa, ngakhale lero lino.

Ndinaika miyala kumawilo. Botolo la mankhwala ndinaliika pampando wanga. Ndinawauza bwana m'Chingerezi, pang'onopang'ono: akachepa, thirani a m'botolo ili okha, oyilo ayi, palafini ayi. Anagwedeza mutu, maso ali tsidya. Okoka anayamba nyimbo. Pantoni itasiya gombe mkono umodzi ndinabwerera m'mbuyo, phazi limodzi, lachiwiri. Ndinatsala kumtunda.

Bwana anazindikira ali pakati pa madzi. Kufuula. Anatulutsa mabuku anga m'thumba, kuwakupiza m'mwamba. Kenako anagwira mfuti. Okoka sanasiye kukoka, ndipo wamkulu wawo anadzaima pakati pa mfutiyo ndi ine, ngati akukonza chingwe. Dzina lake sindilidziwa.

Laisensi yapita. Buku lapita. Dzina langa lifika kuboma ine ndisanafike. Ndidzera m'minda ya mpunga, kulambalala tauni. Wapaulendo amaloledwa kumasula. Sindimasula.

Lolemba, 23 Malichi, ku Bua

Ndinafika Loweruka dzuwa litapendeka. Mapazi otupa, misundu m'miyendo, malaya omwe aja a m'galaja. Amayi ndinawapeza ali moyo.

Aang'ono ngati mwana pamphasa. Maso otseka. Ndinagwada, ndinagwira nkhope yawo ndi manja awiri, ndinati ndine Alufandika, ndafika. Mphuno inagwedezeka. Anatsegula maso. Mawu oyamba patapita masiku anayi: "Wayamba mowa?"

Ndinati ayi amayi, ndi ntchito. Ndinayamba kufotokoza za nsatsi, za timphira, za sajeni wandevu. Ndani amafotokozera mayi ake mabuleki pa nthawi ngati imeneyo? Kaya anamva. Dzanja langa sanalisiye, koma sanayankhulenso.

Anatisiya Lamulungu m'mawa. Sanda inachokera kwa a Yoramu oyandikana nafe, asodzi a kumpoto, Akhristu. Nsalu yoyera yatsopano, mkazi wawo ankaisungira ubatizo. Tinaika tsiku lomwelo. M'manda tinalowa ine ndi Ibrahimu.

Sofiya wafika lero kuchokera kwa bambo ake, amulola masiku atatu. Malaya aja watentha. Ndasamba kumtsinje ndi mchenga kanayi. Iye akuti fungo latha. Ine ndikulimvabe.

Lachinayi, 26 Malichi

Abwera. Galimoto inaima kumsewu, apolisi awiri wapansi mpaka pakhomo, kufunsa Alufandika Rashidi, makaniko. Ndinali nditakonzeka kale: bulangete, jekete, kabuku aka. Sofiya anagwira nsanamira ya khonde.

Si kumangidwa. Wamkuluyo anavula chipewa, anapepesa maliro. Ati Bwana Bakisita anafika bwino ku Salima, mabuleki osavuta njira yonse, ndipo anauza akuluakulu kumeneko za munthu wopanga mafuta a buleki ndi nsatsi. Uthenga wabwera pa wailesi. Kuboma malole atatu aima, mafuta a buleki kulibe. Malole onyamula omangidwa, akufuna ndikawakonze. M'khola la waya muli anthu makumi anayi akudikira ulendo wa kummwera. Awiri ndi a mudzi uno. Mmodzi, Ramadhani, anasenza nawo jeneza, chithatha cha maliro a amayi, Lamulungu, anamutenga Lachiwiri.

Ndinafunsa kuti nanga ndikakana. Anayang'ana m'chipewa chake. Ati pepala la mlandu wa shuga nalonso linabwera, lili m'kabati, silinasainidwe.

Andipatsa nthawi yoti ndiswali. Ibrahimu ali kuseri kwa nyumba, sakufuna kundiyang'ana. Mkazi wa Ramadhani waima pansi pa mtengo wa papaya, mwana kumsana, wamva zonse. Apolisi akuti kwa mayi Esitere apita okha ndi galimoto, ine ndingofunsa Sofiya ngati nsatsi zinatsalako. Sofiya wakhala pansi, wafunda kumutu. Sindinamufunsebe. Kumsewu akuimba hutala, kachiwiri tsopano, ndipo ine ndidakali pano, pensulo m'manja.